Wotchi Yofanana ndi Rolex: Kodi Bodza Lili Pati?

Nkhani ya lero ndi ya wotchi, nkoloko ya pa dzanja. Musafulumire kunena kuti ndi nkhani ya anyamata chabe, chifukwa mkati mwake muli funso limene limakhudza amayi ogulitsa nsomba, abambo obwereketsa ndalama, ndi aliyense amene anayimapo pa khomo la tchalitchi kulandira alendo.

Mukatsegula Facebook kapena ma status a pa WhatsApp masiku ano, mupeza amalonda a ku Kamwala ndi ku COMESA akuonetsa mawotchi a mtundu umodzi: achitsulo, olemera, nkhope yakuda kapena yobiriwira, madontho oyera owala mumdima, ndi mkombero wa manambala umene umazungulira ukaugwira. Maonekedwe amenewa mwini wake amadziwika dziko lonse. Ndi Rolex Submariner, wotchi ya ku Switzerland imene yatsopano mtengo wake umapitirira madola 9,000. M'makwacha ndi ndalama yopitirira K150,000. Werengani nokha kuti ndi malata angati, ndi maukonde angati.

Koma pali mawotchi atatu osiyana amene ali ndi nkhope imodziyi, ndipo chisokonezo chonse chimayambira pa kuwaika m'dengu limodzi. Yoyamba ndi Rolex yeniyeni. Ina ndi gong'a, imene inapangidwa kwina koma pa nkhope pake analembapo Rolex ndi kachisoti kachifumu, kuti wogula kapena woona apusitsidwe. Yachitatu ndiyo yativuta lero. Imatengera maonekedwe onse a Submariner, koma pa nkhope pake pali dzina la amene anaipanga: Invicta, Pagani Design, San Martin, kapena Steinhart ya ku Germany. Pa Chingelezi amaitcha homage, liwu lotanthauza kupereka ulemu kwa wamkulu. Zina mwa izi sizifika n'komwe madola 100. Ndiye funso n'lakuti: kupanga, kugulitsa, kapena kuvala wotchi yotereyi ndi ulemu zoona, kapena ndi kuba kovala jekete?

Tiyambe ndi kumene maonekedwewa anachokera, chifukwa pachiyambi sanali a fashoni iyayi. M'chaka cha 1953 kampani ya Blancpain inatulutsa wotchi yotchedwa Fifty Fathoms, mogwirizana ndi asilikali a ku France osambira pansi pa nyanja, Robert Maloubier ndi Claude Riffaud. Chaka chomwecho Rolex inapanga Submariner, yotha kupirira kuya kwa mamita 100. Munthu wolowa pansi pa madzi ndi thanki ya mpweya kumsana ayenera kudziwa mphindi zimene watha, apo ayi mpweya umuthera ali pansi. Ndiye asanalowe amazunguza mkombero uja kuti chizindikiro chake chiyang'anizane ndi muvi wa mphindi, ndipo akayang'ana pa dzanja amaona pomwepo kuti wakhala mphindi 20 kapena 30. Madontho owala aja ndi chifukwa pansi pa madzi ndi mdima. Chilichonse pa nkhope imeneyo chinali ndi ntchito yosunga moyo.

Taonani kale apa kuti makampani awiri anatulutsa chinthu chofanana m'chaka chimodzi, ndipo mpaka lero okonda mawotchi amakangana kuti anayamba ndani. Choncho ngakhale pa tsinde penipeni, mawu akuti "orijino" sakhala chilili monga timaganizira.

Submariner ya masiku ano imapirira mamita 300. Nyanja ya Kariba pamene pazama kwambiri sipafika ngakhale mamita 100. Nanga kuno kwathu, ndani angalowe pansi pa Luangwa kapena Zambezi kukawerenga mphindi, ng'ona ndi mvuu zili pomwepo? Ngakhale osambira enieni a pansi pa nyanja masiku ano ambiri amadalira kakompyuta ka pa dzanja. Ndiye kuti unyinji wa ovala Submariner yeniyeni, mabwana a m'maofesi ku London ndi ku Johannesburg, nawonso akutengera munthu amene iwo sali. Avala chida cha wosambira popita ku miting'i. Sean Connery ataivala mu filimu ya James Bond ya Dr. No mu 1962, anthu anayamba kuikonda chifukwa cha munthu woivalayo, osati chifukwa cha madzi. Mfundo imeneyi tiisunge.

Manje tikambe chilungamo pa za mtengo, chifukwa ena amati "n'chimodzimodzi, umangolipira dzina." Si zoona kwenikweni. Rolex imapanga yokha makina a mkati mwa wotchi zake, ndipo imalonjeza kuti sizitaya kapena kuthamanga kupitirira masekondi 2 pa tsiku. Ambiri a mawotchi otengera aja amaikamo makina a Seiko otchedwa NH35, makina abwino ndithu ndi olimba, koma amene malire ake ndi kuchedwa masekondi 20 kapena kuthamanga masekondi 40 pa tsiku. Chitsulo n'chosiyana, kasulidwe n'kosiyana, ndipo Rolex ikasamalidwa imafika kwa adzukulu. Ukafuna kuigulitsa ogula alipo. Cha m'ma 2021 ndi kuchiyambi kwa 2022 Submariner yogwiritsidwapo kale ntchito inkagulidwa modula kuposa yatsopano ya m'sitolo, ngakhale pambuyo pake mitengoyo inatsika. Pagani Design ukaitulutsa m'bokosi, mtengo wake wagwa kale.

Koma ngati nkhani ndi kudziwa nthawi basi, kawotchi ka Casio F-91W kaja ka pulasitiki, kamene kakhala pa msika kuyambira 1989, kamasiyana ndi nthawi yeniyeni masekondi pafupifupi 30 pa mwezi wathunthu. Kamaposa Rolex. Ndipo foni imene mukuwerengerapo uthengawu imawaposa onse. Palibe munthu amapereka madola 9,000 kuti asachedwe ku mapemphero. Amagula luso la amisiri, mbiri, ndiponso, tisabise, maso a anthu.

Kodi kutengera chinthu cha mnzako pakokha n'kulakwa? Yang'anani mozungulira. Bwato lililonse la pa Luangwa linasemedwa motengera bwato lina. Palibe mmisiri amakhala pansi n'kunena kuti langa likhale la makona anayi kuti ndisaoneke wokopera. Mphasa za bango zimene amayi amaluka kuno, madengu ndi malichero a pa Luangwa Bridge, zonse zili ndi kalukidwe kamene wina anayamba kalekale, ndipo dzina lake palibe alikumbukira. Mwana amaphunzira kuluka poyang'ana manja a agogo ake. Tikanati aliyense ayambe zakezake, bwenzi tikumwera madzi m'manja mpaka lero.

Chitenge chimene amayi mwavala chili ndi nkhani yoposa pamenepa. Ambiri amati chitenge cha orijino ndi cha ku Holland, cha kampani ya Vlisco ya mu tauni ya Helmond, imene inayamba mu 1846. Koma a Dutch aja anali kutengera nsalu ya batik imene anthu a ku Java, ku Indonesia, ankajambula ndi manja pogwiritsa ntchito phula. Anafuna kuipanga ndi makina kuti akagulitse motchipa kwa eni ake omwewo. Eni ake sanaikonde kwenikweni, ndipo msika wake unakapezeka ku West Africa. Lero mafakitale a ku China akutengera za a Dutch, ndipo ife tikuti za ku China ndi zokopera, za ku Holland ndi zenizeni. Mayi wa ku Java akanamva akanaseka.

A ku Switzerland nawo sanayambe ali pamwamba. M'zaka za m'ma 1700 mawotchi otchuka anali a ku London, ndipo panali amisiri a ku Switzerland amene ankapanga otchipa n'kulembapo mawu akuti London kuti ayende malonda. Imeneyo inali gong'a yeniyeni, osati ulemu. Ndipo Hans Wilsdorf mwiniwake, amene anayambitsa bizinesi imene inadzakhala Rolex ku London mu 1905, anaona kuti anthu ambiri sangakwanitse mtengo wa wotchi zake. Mu 1946 anakhazikitsa kampani ya Tudor, imene inkagwiritsa ntchito zikamba za Rolex koma makina a mkati ogula kwa ena, n'kumagulitsa motsika. Mu 1954 panatuluka Tudor Submariner. Tinganene kuti woyamba kupanga wotchi yofanana ndi Submariner koma yotsika mtengo anali mwini Submariner yemwe.

Malamulo a maiko nawonso anaiganizira nkhaniyi. Munthu akatulukira njira yatsopano yopangira chinthu, amapatsidwa patenti, chitetezo chakuti ena asakopere, koma cha zaka 20 chabe. Zikatha, nzeruyo imakhala ya aliyense. Chikamba chosalowa madzi cha Rolex chotchedwa Oyster chinatuluka mu 1926, ndiye chitetezo chake chinatha agogo athu ali ana. Chimene sichitha, malinga ngati mwini akuchilembetsabe, ndi dzina ndi chizindikiro. Kuno ku Zambia zimenezi zimalembetsedwa ku PACRA. Nzeru ya lamuloli ndi yomveka: luso liyenera kufalikira kuti anthu apindule, koma dzina liyenera kutetezedwa chifukwa dzina ndi lonjezo lakuti "ndapanga ndine, chikavuta bwerani kwa ine."

Ngati pali wina akukayikabe kuti kutengera kungakhale chinthu chabwino, akumbukire maliro a zaka za m'ma 1990. Mankhwala a ma ARV analipo kale ku Ulaya ndi ku America, koma mtengo wake unali wopitirira madola 10,000 pa munthu mmodzi pa chaka. Mu February 2001 kampani ya Cipla ya ku India, motsogozedwa ndi Yusuf Hamied, inalengeza kuti ipereka mankhwala atatu ophatikiza pa madola 350 pa chaka, osafika dola imodzi pa tsiku. Anali mankhwala otengera, olembedwa dzina la Cipla poyera. Makampani akuluakulu anakwiya. Koma alipo abale pakati pathu amene lero akulera adzukulu chifukwa cha mankhwala otengera ochokera ku India. Ndipo tonse timadziwa kusiyana kwa mankhwala oterewa ndi mapilitsi a ufa oikidwa m'bokosi la dzina la eni ake. Oyambawo amachiritsa, enawo amapha.

Mpaka pano zikuoneka ngati wotchi yotengera yawina mlandu. Koma dikirani, chifukwa ine sindikhutira msanga choncho.

Cipla inatengera chimene chimagwira ntchito m'thupi. Mmisiri wa bwato amatengera chimene chimayandama. Nanga wopanga wotchi yofanana ndi Submariner amatengera chiyani? Mkombero wozungulira ndi madontho owala, chabwino, zimenezo ndi za ntchito, aliyense ali nazo ufulu. Koma amatengeranso muvi wa maola uja wokhala ndi kabwalo kogawidwa patatu ngati chizindikiro cha Mercedes-Benz. Amatengera kagalasi kotukuka kokuza deti. Amatengera kapangidwe ka lamba, kukula kwa manambala, ngakhale malo olembapo mawu. Zimenezi sizithandiza wotchi kupirira madzi. Ntchito yake ndi imodzi: kuti munthu woima mamita atatu aganize kuti waona Rolex. Dzina loona lilipo inde, koma ndi tizilembo tating'ono timene umawerenga utagwira dzanja la munthu.

Ndipo sitinganene kuti panalibe njira ina. Seiko ya ku Japan inatulutsa wotchi yake yoyamba ya pansi pa madzi mu 1965, ndipo m'kupita kwa zaka inapeza nkhope yakeyake, ina yokhala ndi kopukusira nthawi cha m'munsi pafupi ndi nambala 4, ina yonenepa mpaka anthu anaitcha kamba. Ndi yotsika mtengo kutalitali poyerekeza ndi Rolex, osambira enieni anaidalira, ndipo palibe amaisokoneza ndi ya wina. Seiko inaphunzira kwa a ku Switzerland monga mwana aphunzirira kwa agogo, kenako inaluka dengu lake. Ameneyo ndiye ndingamutche wopereka ulemu. Wongojambula nkhope yonse n'kusintha dzina lokha sanabe, lamulo silimugwira, koma akudyera pa mthunzi wa mtengo umene sanabzale. Kuweruza kwanga n'kwakuti si tchimo, koma si luso lonyadira. Ndi malonda wamba, ndipo liwu lakuti ulemu lamukulira ngati jekete la salaula.

Za gong'a sindichedwapo, chifukwa palibe chovuta kumvetsa. Ndi bodza lolembedwa pa chitsulo. Koma tisaganize kuti wopwetekeka ndi kampani ya ku Geneva yokha, imene sidzamva n'komwe kuti ku Mburuma kuli munthu. Wopwetekeka ali pafupi. Ndi mnyamata amene wagulitsa mbuzi ziwiri chifukwa wamalonda wamuuza kuti "iyi ni orijino, yangogwa pa lole ku Chirundu." Ndi bambo amene wapereka ndalama ya kaloba atalandira wotchi ngati chikole, tsiku lobweza n'kupeza kuti chikolecho sichigula ngakhale thumba la ufa. Ndi banja limene lalandira mkamwini poyang'ana pa dzanja lake. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mukagulitsa chinthu chotere mukudziwa, musadzitonthoze kuti wogula nayenso amadziwa. Ena amadziwadi. Ena sadziwa, ndipo inu mumawazindikira pa maso pomwe akufunsa mtengo.

Apa pali chinthu chimene wotchi yotengera imaposa gong'a kutali, ndipo tiyenera kuchivomereza. Munthu sangakusiyire Pagani Design ngati chikole n'kunena kuti ndi Rolex, pokhapokha iwe usawerenge. Chitsulocho chimakana kunama. Bodza likafuna kulowa, liyenera kudzera pakamwa pa munthu.

Ndipo pamenepa ndi pamene nkhaniyi imachoka ku fakitale n'kufika pa ife. Anthu awiri angavale wotchi imodzimodzi ya San Martin. Woyamba amaikonda chifukwa ndi yokongola, ndi yolimba, saivula akamakoka ukonde, ndipo ndi imene thumba lake lakwanitsa. Mnzake akamufunsa kuti "Ah, mwagula Rolex?" amaseka n'kuyankha kuti "Iyayi mwana, ni ya ku China iyi, ona dzina." Munthu ameneyu ndilibe naye mlandu, ndipo wina asamuchititse manyazi. Kukonda chinthu chooneka bwino si mwayi wa olemera okha. Wachiwiri akafunsidwa funso lomwelo amangomwetulira, n'kukokera dzanja la shati pang'ono kuti dzina libisike koma mkombero uoneke. Sananene bodza ndi pakamwa. Koma wasiya mnzake apite ndi chithunzi chabodza, ndipo n'chimene anagulira wotchiyo.

Ena adzati, nanga walakwira ndani? Sanabe, sananame, maganizo a woonayo ndi ake. Funsoli ndi lolemera, tisalipeputse. Si udindo wanga kuyenda ndikulengeza mtengo wa chilichonse ndavala. Amayi ovala chitenge cha ku China sayenera kupachika chikwangwani pakhosi. Munthu ali ndi ufulu wokhala chete pa zinthu zake. Koma pali kukhala chete kwa munthu amene sasamala zimene ukuganiza, ndipo pali kukhala chete kwa msodzi amene waponya mbedza. Kusiyana kwake kumaoneka pamene chithunzi chabodzacho chayamba kubala phindu: pamene akukukhulupirira ndi ngongole chifukwa cha icho, pamene mtsikana akuvomera chifukwa cha icho, pamene akukusankha kukhala msungichuma wa gulu poganiza kuti munthu wa ndalama zake sangabe. Pamenepo kukhala chete kwasanduka kulandira katundu ndi ndalama yachinyengo. Nkhani ya Yakobo pa Genesis 27 timaidziwa tonse. Asanatsegule pakamwa kunena kuti ndi Esau, zovala za mkulu wake ndi zikopa za mbuzi pa manja zinali zitayamba kale kumunenera.

Koma tisamuunjikire yekha mlandu mnyamata wobisa dzina uja. Mbedza imagwira chifukwa nsomba ilipo yofuna kumeza. Ndani anamuphunzitsa kuti dzanja lowala limatsegula zitseko? Ndife. Kalata ya Yakobo mtumwi, chaputala 2, imakamba za msonkhano umene munthu wa mphete yagolide amapatsidwa malo abwino, wosauka n'kuuzidwa kuima kapena kukhala pansi. Sinthani mphete muike wotchi, ndipo mwafika pa Sande lapitali m'matchalitchi ambiri a m'dziko muno. Tikamayesa madalitso a munthu ndi zimene zili pa dzanja lake, tikupanga tokha msika wa gong'a. Wachinyamata amene akuona kuti wovala zonyezimira ndiye amaitanidwa kutsogolo, amapatsidwa maikolofoni, amatchedwa "bwana" ndi akulu omuposa zaka, adzapeza njira yonyezimira, kaya ndi ya K300 kaya ndi ya ngongole. Ndipo choopsa kwambiri ndi pamene chinthu chotere chalowa mu umboni, munthu n'kuimirira kunena kuti taonani chimene Ambuye andichitira, akudziwa mumtima kuti chimene anthu akuombera m'manja si chimene chili pa dzanjapo. Zikatero wamng'ono amene wakhala kumbuyo amapita kunyumba akudzifunsa kuti iye analakwa chiyani kuti asadalitsidwe.

Nanga wovala Rolex yeniyeni, iye ndi wolungama chifukwa yake ndi orijino? Osati msanga. Ngati anaigula ndi ndalama yoyera, ana ake akudya, antchito ake analipidwa, ndi yake, avale. Kulemekeza ntchito ya amisiri abwino si kulakwa, ndipo kugula chinthu chimodzi chokhalitsa nthawi zina n'kwanzeru kuposa kugula khumi zothyoka. Koma kumbukirani mfundo tinasunga ija. Nayenso wavala chida cha wosambira pansi pa nyanja asanalowepo m'madzi opitirira m'chiuno. Nayenso, nthawi zambiri, akufuna kuti woima mamita atatu aone ndi kuganiza zinazake za iye. Wotchi ingakhale yeniyeni pamene uthenga umene ikutumiza ndi wabodza: imanena kuti "ndili bwino" pamene mwini wake ali m'ngongole mpaka m'khosi, kapena imanena kuti "ndinagwira ntchito" pamene ndalamayo inali ya mankhwala a ku kiliniki. Pakati pa iye ndi msodzi wovala Invicta yake poyera, wa orijino ndi msodziyo.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti anthu okangana pa intaneti za mawotchiwa amasemphana chifukwa akuyeza zinthu ziwiri ndi sikelo imodzi. Wina akuyeza chinthucho: chitsulo, makina, zaka zimene chidzakhale. Pamenepo wotchi yotengera yabwino imapereka zambiri pa ndalama yochepa, ndipo Rolex imapereka zoposa koma pa mtengo umene sukwera molingana ndi ubwinowo. Kuposa kulipo, koma si kuposa ka 100. Wina akuyeza chimene chinthucho chimanena kwa anthu. Pamenepo mtengo wa Rolex ndiwo uthenga wake, ndipo yotengera imamukwiyitsa chifukwa ikulankhula mawu omwewo osalipira. Mkwiyo umenewo ukauyang'anitsitsa, kawirikawiri sukhala wofuna kuteteza amisiri a ku Geneva. Umakhala wa munthu amene anagula mpanda womusiyanitsa ndi anzake, n'kupeza kuti anzakewo alowa pa chipata cha kumbali.

Kwa amene mukuganiza zogula, mawu ochepa a ntchito. Manambala a mamita olembedwa pa nkhope musawakhulupirire onse. Wotchi yolembedwa mamita 30 ndi yongopirira madontho a mvula ndi kusamba m'manja, si yolowa nayo mumtsinje. Pali muyezo wa maiko onse wotchedwa ISO 6425 wa mawotchi enieni a pansi pa madzi, ndipo si onse olembedwa 200 kapena 300 anayesedwa motero. Timphira ta mkati timene timatseka madzi timauma ndi zaka, ndipo kutentha kwa chigwa chino mu October mukudziwa nokha. Mukatha kukonza nthawi, kopukusira kaja kamangeni mpaka kalimbe, chifukwa madzi ambiri amalowera pamenepo. Ndipo makina a NH35 ali ndi ubwino wakuti ndi ofala, pamene gong'a ikaima nthawi zambiri ulendo wake wathera pomwepo. Wamalonda akakuuzani kuti Rolex yeniyeni akugulitsa K1,500 chifukwa mwini wake ali pa mavuto, mupatseni moni mupitirize ulendo.

Pali mlandu umodzi umene ndimauona wovuta kuposa yonse, ndipo umachitika m'mabanja ambiri a kuno amene ali ndi ana kunja. Mwana ali ku Joni watumizira atate ake wotchi yotengera, yabwino ndithu, dzina lake lili poyera. Sananame. Koma atate, maso atafooka ndipo Chingelezi n'chapatali, amva kwa anyamata a pamudzi kuti imeneyi ndi Rolex ya ndalama zambiri. Manje akuyenda nayo monyadira, akuuza anzawo pa bwalo kuti mwana wanga wandigulira wotchi ya mabwana. Mwana uja wamva. Awauze, awachotsere chimwemwe? Kapena akhale chete, popeza chimene atate akunyadira kwenikweni si chitsulo koma kuti mwana wawo amawakumbukira, ndipo chimenecho n'choona?

Ndikumvetsa amene anganene kuti asiyeni akulu akondwe. Koma ine ndingamulangize mwanayo kuti awauze, mofatsa, pa awiri, osati pa gulu la WhatsApp la banja. Chifukwa choyamba n'chakuti tsiku lina adzapezeka wodziwa kuwerenga pa bwalo paja, adzagwira dzanja la mkuluyo n'kuseka, ndipo manyazi amenewo adzakhala owawa kuposa mawu a mwana wawo. Chachiwiri n'chakuti mbiri yakuti m'nyumba ya mkulu wokalamba muli chinthu cha K150,000 si mbiri yabwino kuyenda usiku. Ndipo chachitatu, achibale akamva kuti mwana wa ku Joni akugula ma Rolex, mafoni opempha sukulu fizi ndi ndalama ya feteleza adzayamba kulira molingana ndi chuma chimene iye alibe. Angathe kunena kuti, "Atate, iyi si ija ya mabwana, koma ndinasankha yolimba, yosaopa madzi, kuti muzivala ngakhale mukapita ku mtsinje." Atate ambiri amene ndikuwadziwa adzayankha kuti "Nanga ine Rolex ndimaidziwa?" n'kupitiriza kuivala.